Chipere Chosaonetsa Anthu

Lolemba, 3 Febuluwale
Ine kukanda? Chimutu, mnzanga wa pagalaja, akuti wandiona ndili pansi pa lole, dzanja lili m'mphechepeche. Ndamuuza ndimafuna sipanala m'thumba. Munthu wotsitsa giyabokosi ndekha pagalaja ponse, ndigonje ndi kuyabwa?
Koma kukuyabwadi.

Lachitatu, 5 Febuluwale
Zidzolo zagwira mbali zonse ziwiri. Zofiira, zozungulira. Chimutu akuti zoterezi zimabwera ndi akazi. Ine chaka chonse ndili ndi mmodzi, Dona wanga wa pasaluni. Ndamuimbira, ndamufunsa akuyenda ndi ndani. Kenako: "Ukufunsa ine zimenezo?" Wadula.

Lachinayi, 6 Febuluwale
Mankhwala a pagalaja: buleki fuluwidi, mafuta a mabuleki aja. Chimutu akuti amaumitsa chilichonse. Ndapaka kuseri kwa matayala. Moto. Ndavina popanda ng'oma, anyamata mpaka misozi.

Loweruka, 8 Febuluwale
Kuchipatala, kuyenda ngati bakha. Nesi wake msinkhu wa amayi anga. Ndimati ndiyambe nthabwala, angoti vula. Akuti ndi chipere, mtundu wa chija cha m'mutu mwa ana, chimakonda potentha ponyowa thukuta. Andifunsa ovololo ndinachapa liti. Ndayang'ana kudenga. Nanga thaulo? Imodzi, anthu asanu. Nditatchula fuluwidi avula magalasi.
"Mwanawe, ndiwe galimoto?"
Ndafunsa za Dona. Akuti zimenezi sizisonyeza kuti wina wayendayenda. Andipatsa mafuta opaka kawiri pa tsiku, osasiya ngakhale kuyabwa kutatha. Kabudula wamkati wouma tsiku lililonse.

Lachiwiri, 11 Febuluwale
Pamene ndinadziwotcha payamba kupola. Ndagula thaulo yangayanga. Lero Chimutu nayenso amafuna sipanala m'thumba. Ndamufunsa akuyenda ndi ndani.
Dona sakuyankha foni.

Loweruka, 15 Febuluwale
Ndapita kusaluni. Ovololo yochapa, sopo kununkhira. Dona amaluka mayi wina, sanatembenuke. Ndayamba nkhani ya bakha ndi fuluwidi, mayiyo kuseka mpaka mutu kugwedera. Dona ayi. Wangoti nthabwala zikatha ndinene chimene ndabwerera.

Ndati thaulo ndi uve, fuluwidi ndi uchitsiru, zimenezo zipola. Koma funso lija ndinalakwa. Ndinakhulupirira Chimutu, iwe osakukhulupirira.
Walukabe mizere iwiri. Kenako wakankha mpando ndi phazi, mpandowo wabwera mbali yanga kuti ndikhalepo.