Amayi, Nyumba Yanu Yamangidwa

Amayi, kodi kumeneko mwadzuka bwanji?

Ndine Esinati, mwana wanu wolongolola uja. Kuno tilipo. Mtedza wabereka bwino kumunda wa kumtunda, koma chimanga chinagwidwa ndi mbozi, tangopeza chokwanira kudya basi. Mkazi wa mchimwene wanga Yohane wabereka mwana wamkazi, chipumi chake ngati chanu. Mbuzi yanu yakuba ija ikadalipo ndipo sinalape, dzana inadya sopo.

Koma chimene ndakhalira pansi kuti ndikuuzeni ndi nkhani ya nyumba.

Gulu lanu lija la ku Chiparamba likadali lamphamvu. Makina otsindira njerwa amene munagula mutasonkherana mtedza akugwirabe ntchito, ndipo lamulo ndi lomwe lija: kumanga nyumba ya munthu mmodzi, ikatha kupita kwa wina, mpaka aliyense agone pouma. Njerwa zake za dothi la pakhomo pomwepo, kasimenti pang'ono, osaotcha, kuti mitengo isathe. Inu munasenza dothi la nyumba za anzanu mpaka tsitsi linathothoka paliwombo, koma nthawi yanu ikafika munkaipereka kwa wina. Ndikamakukalipirani munkangoti, "Denga langa likudontha pangodya pokha, la amake Chisomo likudontha ponse." Ndiye munapita musanagonepo m'nyumba ya njerwa ngakhale tsiku limodzi. Zimenezo zinandiwawa, Amayi, ndipo sindinakubisireni muli moyo.

Maliro anu atatha, ukwati wa mng'ono wanga Misozi unathanso. Anabwerera kumudzi ndi ana ake n'kulowa m'nyumba yanu yakale ija. Khoma la kuchipinda linali litang'aluka moti dzanja linkalowa lonse, ndipo ana ankagona m'munsi mwake momwemo. Ndikaona mitambo yakuda ndili pamsika ku Chipata, ndinkangoganiza za kumudzi. Ndinkadziwa kuti mvula yamphamvu ikangogwa, khomalo ligwera ana. Kuwatenga sindikanatha, kachipinda kanga ka lendi mukukadziwa, ukatambasula mwendo wagunda chitseko.

Yohane anati tidule mibawa yanu ija kuseri kwa nyumba tiotchere njerwa, nkhani ithe. Mitengo imene munkaithirira ndi madzi otsukira mbale! Ndinamuuza kuti akangogwira nkhwangwa ayambe wadula ine. Koma nditamukaniza choncho, nzeru ina ndinalibe. Misozi sanali wa m'gulu, ndipo wa m'gulu, amene ndi inu, anali kumanda.

Ndiye ndinakwera njinga kupita kumsonkhano wa gululo, mawu nditawanola kale m'njira. Ndinkafuna ndiwawerengere makoma onse amene munawasenzera dothi. Munkandinena kuti, "Iwe Esinati, pakamwa pako pamafika iwe usanafike," ndipo tsiku limenelo zinalidi choncho. Ndinangoyamba kuti, "Ine ndabwera kudzafunsa ngati m'gulu muno munthu akafa..." Amake Chisomo, amene akutsogolera tsopano, anandidula.

"Khalani pansi, mwana wanga, mumwe madzi. Dothi la pakhomo pa mayi anu tinakaliona kale. Timangodikira kuti misozi iume. Nthawi yawo sinapite nawo kumanda, ikadali pano, ndipo yakwana."

Amayi, ndinasowa pobisa nkhope. Ndewu yonse ndinaitenga kuchokera kutauni ija ndinabwerera nayo osaigwiritsa ntchito. Anangopempha chinthu chimodzi, kuti Misozi alowe m'gulu, nyumba yake ikatha azikasenzera ena dothi. Ine sanandipemphe, ndinadzilowetsa ndekha.

Ntchito ija ndinkaiona kutali, sindinkadziwa kuti ndi yowawa chonchi. Kukumba, kusefa, kusakaniza, kenako kukoka chitsulo cha makina mpaka msana kulira. Njerwa zikatuluka timazifunditsa udzu n'kumazithirira m'mawa ndi madzulo ngati mbewu za kudimba. Yohane ankaseka, akuti njerwa yosapsa ndi chigumu, mvula ikagwa tidzaikumba ndi supuni. Anatenga imodzi youma n'kuimiza m'ndowa ya madzi. M'mawa anaitulutsa ili gwa. Anangogwira wilibala, ndipo mpaka pomaliza sanaisiye.

Chimene chinandivuta ndi ichi. Pakati pa ntchito dothi labwino linachepa, m'munsi munali mchenga wokhawokha. Amake Chisomo anati tigwetse nyumba yakale, tiphwanye makoma ake, tisefe, alowe m'makina. Ndinakana. Pakhomalo panali zizindikiro za zala zanu, pamene munkamata chaka ndi chaka mvula isanayambe. Iwo anandiyang'ana n'kuti, "Mukufuna zala za mayi anu zigwere ana, kapena ziwafunditse?" Ndinatenga khasu ndekha. Ndinalira, koma ndinagumula. Masiku amenewo Misozi ndi ana ankagona kwa amake Chisomo, m'nyumba yomwe ija munawasiyira nthawi yanu.

Mukanaona m'mene anthu anagwirira. Amene anayala njerwa ndi atsikana awiri a m'mudzi momwemo amene anaphunzira m'gulu, chingwe m'manja, khoma lowongoka bwino. Tsopano akuitanidwa mpaka ku Kasenengwa. Chitseko ndi mawindo anakhoma kalipentala wa pafupi ndi tchalitchi. Zochokera kutauni ndi malata, simenti ndi misomali basi, zina zonse ndi za pomwepo. Ndinkakuonani ngati munthu wongodzivutitsa, koma mudzi wathu wasintha, Amayi. Ukaima pachulu paja umaona nyumba zofiira zili ndandanda, mitengo ili chiimire, ndipo palibe nyumba imene simunaisenzereko dothi. Ndimayenda monyada ndikamva anthu akuti uyo ndi mwana wa malemu aja.

Malata tinakhoma mitambo itayamba kale kusonkhana. Mvula yoyamba inagwa Lamulungu masana, titangobwera kutchalitchi, yamphepo, yoopsa. Tinali tonse m'nyumba. Itangoyamba kulira padenga, Misozi anadzambatuka, anatola beseni n'kuthamangira pangodya, monga munkachitira inu, monga tinakulira tonsefe. Anaima pamenepo beseni lili m'manja, maso kudenga, kudikira. Palibe chinadontha. Ana anali gone pamphasa pafupi ndi khoma, ndipo palibe amene anaganiza zowasuntha. Tinayamba kumuseka, Yohane mpaka kugwira m'mimba, kenako ndinaona kuti Misozi akulira, nanenso ndinalephera kudzigwira. Pomaliza anatsegula chitseko n'kukaika beseni lija panja, kuti atungire madzi a padenga.

Choncho musadandaule za ana, akugona pouma. Mibawa yanu ilipo yonse. Loweruka tikuyamba nyumba ya agogo ena a kutsidya kwa mtsinje amene akulera adzukulu okha. Chitenje chanu chakale chobiriwira chija ndachipinda nkhata, ndipo ndikukulonjezani kuti ndizisenzera dothi mpaka womaliza m'gulu atalowa m'nyumba yake. Pakamwa pokha sindilonjeza, mukundidziwa.

Ndimakukondani, ndipo ndakusowani kwambiri.

Ine mwana wanu,
Esinati