Fomu ya Msonkho Ndinaisunga m'Sutikesi

Lachinayi, Novembala. Tsiku lowawa.

Ku ofesi ya penshoni andibwezanso. Kalaliki wati, "Madala, popanda yankho la a msonkho sitikupatsani kanthu." Fomu yawoyo ndinaitumiza papositi mochedwa, inde. Miyezi isanu inali m'sutikesi pamodzi ndi chitupa changa chakale. Ife a m'migodi tinkadziwa kuti pepala la boma sulisiya, ukalisiya wamangidwa. Anandiuza ndani kuti ili n'lobweza? Sukulu sindinapiteko, koma sindine chitsiru.

Sabata yachisanu ndi chiwiri ino chitumizireni fomuyo, a msonkho akuti makalata aunjikana. Akazi anga ali gone ku Ntcheu, akundiitana. A Phiri a kutchalitchi anati andigulira tikiti ya basi ku Park Station kuno ku Joni, ndinakana. Zaka makumi atatu ku Joni, ndikafike kwathu chimanjamanja, pa tikiti yopempha?

Mawa ndipita kwa a Phiri. Kugogoda ndigogoda, koma mawu oyambira…