Masiku Makumi Atatu ndi Asanu

Lolemba, 5 Juni 2023, Beira

Fomu ya msonkho wa kwathu ku Amereka. Tsiku lomaliza ndi pa 15. Zaka khumi ndi chimodzi ndili kuno, msonkho wa kuno amandidula mwezi ndi mwezi, koma boma la kwathu silitaya mwana wake. Ngakhale ukabisale kuphanga, fomu yake likuifuna basi.

Chaka chino sindilemba ndekha. Kandalama ka penshoni kamene malemu Bambo anasiya, gawo langa linalowa mu Disembala, ndiye kasokoneza zonse. Achemwali anga a Gail akuti nditumize mapepala kwa Mai Kessler ku Zanesville, amene ankawalembera Bambo za msonkho zaka makumi atatu. Ndavomera. Mapepala onse ali m'envulopu, kupatula tsamba limodzi: la masiku amene ndinakhala ku Amereka chaka chatha. Limenelo ndaliika pansi pa mbale ya zipatso.

Lachiwiri, 6 Juni

Lamulo lake ndimalidziwa ngati dzina langa. Ukakhala kunja masiku 330 pa chaka, malipiro ako sawakhudza. Ukapitirira masiku 35 kwanu, akuluma. Ndinawerengera kuti angandidule madola 9,000. Denga la nyumba ino. Fizi ya mwana wanga Telma.

Kufika: 3 Okutobala. Kunyamuka: 4 Novembala. Ndi masiku awiri a m'ndege, 35 ndendende. Katswiri ine.

Bambo anamwalira pa 11 Novembala. Maliro pa 16. Kupitako kukanaphwanya chiwerengero, ndiye ndinaonera pa foni, m'galimoto kuseri kwa ofesi, netiweki ikudukaduka.

A Gail ndinawauza kuti pampu yaikulu ya kuntchito yafa, abwana akana kundiwonjezera tchuthi. Pampu inali bwinobwino. Abwanawo anachita kundiimbira okha: "Khalani mpaka zithe, madzi sathawa." Ndalemba pano koyamba.

Lachinayi, 8 Juni

Mvula ya mawawa tsiku lonse. Kuntchito ndangozungulira.

Kalendala ya kukhitchini kwa Bambo, ija ya zithunzi za mathirakitala. M'mawa uliwonse ndinkaika kadontho ka pensulo pakona ya tsiku, kakang'ono kuti wina asaone. Bambo anandipeza kamodzi, akukoka botolo lawo la mpweya. "Ukuyang'ana chiyani pa kalendala, kodi uli ndi chibwenzi?" Ndinaseka. Iwonso anaseka mpaka chifuwa chinawagwira.

Tsiku lonyamuka sanathe kudzuka. "Pita ukakonze pampuyo. Anthu asamwe matope chifukwa cha nkhalamba imodzi." Munthu amene moyo wake wonse ankakonza mipope ya anthu. Ananyadira nane, pa bodza.

A Gail zaka ziwiri akuwasambitsa, kuwatembenuza, kuwadyetsa ndi supuni. Ntchito ya kulaibulale anasiya. Ine mwezi umodzi, ndi pensulo m'manja.

Mkazi wanga Anifa akudziwa zonse. Ananena kamodzi kokha, mu Novembala, akupeta mpunga: "Bambo a Telma, kwathu kuno munthu amagulitsa mbuzi, amagulitsa njinga, koma maliro a bambo ake sajomba." Sanabwerezenso. Bola akanamabwereza.

Loweruka, 10 Juni

Uthenga wa mawu kuchokera kwa a Gail. Mwala wa pamanda waikidwa, atumiza ndi chithunzi. "Warren, mawu ako sakundisangalatsa masiku ano. Usamadzizunze, ntchito ndi ntchito. Bambo anamvetsa, inenso ndinamvetsa." Ndamvetsera katatu. Akanakhala munthu wolalata, ndikanapezako pothawira.

Amati bodza lilibe mwendo. Langali layenda miyezi isanu ndi iwiri osapunthwa.

Wachibale wanga wotsala ndi iwowa basi. Akadziwa, sindikudziwa ngati ndidzakhalanso ndi mlongo.

Tsamba lija ndalemba. Ndatumiza zonse kwa Mai Kessler. Telma akufuna nsapato za masewera, 2,500 metikali. Ndamupatsa osafunsa, mpaka wadabwa.

Lachiwiri, 13 Juni

Mai Kessler aimba 4 koloko masana, kwawoko kuli m'mawa. Ndinali pakhonde la ofesi, m'manja muli girizi.

"Mwanawe, ndani anakuuza kuti uziwerenga masiku?"

Akuti njira ndi ziwiri. Ya masiku 330 ndi ya anthu ongopita kukagwira ntchito kwa kanthawi. Munthu wokhazikika, wa nyumba, mkazi, mwana, chiphaso chokhalira m'dzikomo, wolipira msonkho wa komweko, ali ndi bokosi lake pa fomu yomweyo. Ameneyo akapita kukadwazika bambo ake miyezi iwiri kapena itatu n'kubwerera, palibe chimene wataya. Ine ndinayenera kusamukira ku bokosi limenelo zaka khumi zapitazo.

Chaka changa choyamba kuno anandilembera fomu mnzanga wina wa kuntchito. Kuyambira pamenepo ndakhala ndikungokopera ya chaka chatha, kusintha manambala okha. Kuumira ndalama ya munthu wodziwa. Bokosi linalo ndimalidumpha chaka ndi chaka, osaliwerenga n'komwe.

Ndinafunsa kawiri ngati akutsimikiza. Akutsimikiza.

Kenako ndinamva mapepala akutembenuzidwa. "4 Novembala. Masiku 35 ndendende." Anawonjezera: "Pa maliro paja ndinakuyang'anayang'ana." Anapitiriza: "Za m'mapepala a anthu ine sindiuza munthu. Koma mlongo wako timakhala benchi imodzi kutchalitchi, ndipo amakutchula m'mapemphero."

Ndasanza kuseri kwa thanki.

Lachitatu, 14 Juni

Ndasaina. Fomu yapita, tsiku limodzi nthawi isanathe. Pa malipiro anga palibe cholipira. Pakanakhalanso palibe ndikanakhala mpaka Khirisimasi.

Miyezi yonseyi ndimadziuza kuti ndinagulitsa Bambo pa mtengo, koma mtengowo unali denga la mwana wanga. Choipa, inde, koma chogwirika. Lero ngakhale chimenecho ndilibe.

Ndamuuza Anifa. Sanati ndinanena ine. Wangoika dzanja pamsana panga kanthawi, kenako: "Alamu anga aja muwaimbire. Musadikire kuti akamve kwa wina." Ndinati Mai Kessler sanganene. "Ndiye mudzawasenzetse mayiwo bodza lanu Lamulungu lililonse?"

Nsomba yamadzulo sindinaikhudze.

Lachisanu, 16 Juni

Ndawaimbira. 3 koloko kuno. Anali m'munda mwawo, akumangirira tomato, ndimamva mbalame.

Ndanena zonse mosapuma, kuopa kuti ndikapuma ndibwerera. Pampu. Abwana. Madontho a pa kalendala. Masiku 35. Za bokosi linalo ndinali ndisanafikepo.

Sanalire, sanakalipe. Ndinayang'ana foni ngati yaduka.

"Madontho aja ndinawaona pochotsa kalendala. Ndimayesa unkalemba masiku a mankhwala."

Kenako anandiuza zimene anandibisira nthawi yonseyi kuti ndisavutike mtima. Masiku atatu omaliza Bambo ankangofunsa ngati pampu yakonzeka, ngati Warren wanyamuka. A Gail ankayankha kuti ali m'njira. Nawonso ndinawanamizitsa, pa bedi la imfa.

Ndinapepesa. Mawu opepuka ngati mankhusu.

"Chabwino. Ndiuze chinthu chimodzi, mwina ndingamvetse. Ine sindidziwa moyo wa kumeneko, mwina zinali zambiri, mwina mukanagona ndi njala. Unapulumutsa zingati?"

Mawu awo anali ofewa. Amandifunira pothawira, ngati kale ndikaswa zenera iwo n'kunena kuti ndi mphepo.

Ndinati ndiimbanso, netiweki ikuvuta. Netiweki inali bwinobwino.

Alemba uthenga tsopano: "Ndikudikira, Warren. Zingati?"

Foni ili apa pa tebulo. 9,000 ndi yosavuta kulemba, ndipo angakhulupirire. Ndailemba, ndafufuta. Anifa waima pakhomo la khitchini, sakulowa, sakuchoka.

Ndikuimba.