Tsiku Lobadwa la Bambo

Achemwali anga okondedwa,

Ndiyambe ndi kukufunsani moyo. Muli bwanji kumeneko? Alamu ali bwanji, msana wawo uja unasiya kuvuta? Nanga ana? Wamng'ono uja ndinamusiya akukwawa, pano ayenera kuti akuthamanga ndipo atandiona akhoza kubisala kuseri kwanu. Ine kuno thupi lili bwino.

Ndikudziwa kuti foni yanga simuyankha, ndipo sindikukuimbani mlandu. Ndasankha pepala poti pepala simungalidule pakati ngati foni. Mukhoza kuling'amba, koma ndikukudziwani Achemwali, muyamba mwaliwerenga kaye.

Ndinapeza ntchito m'sitolo yogulitsa penti. Tsiku lonse ndimasakaniza mitundu, zikhadabo zanga sizinayerenso chiyambireni. Ikakwana teni koloko anzanga amatereka ketulo kuseri kwa zitini, ine n'kuthira madzi otentha okhaokha m'kapu ndi shuga pang'ono, poti kumpingo kwathu tiyi sitimwa. Amandiseka kuti Mmomoni amakhuta nthunzi. Ndimaseka nawo, koma mtima umawawa, chifukwa woyamba kundiseka chonchi anali Bambo.

Mukukumbukira kuti Amayi atatisiya, inu n'kupita kubanja, tinatsala awiri m'nyumba muja. M'mawa uliwonse asanatsegule mashini awo osokera, Bambo ankathira makapu awiri. Nditabatizidwa ndinawauza kuti tiyi ndasiya. Iwo anangogwedeza mutu n'kunditcha a Madzi Otentha, koma kapu yanga sanasiye kuithira. Inkazizira patebulo pafupi ndi sizasi, masana n'kumwa okha.

Tsono nkhani yake ndi iyi. Mwezi wamawa ampingo wathu tikupita kukachisi, ulendo wa masiku awiri pa basi. Ife timakhulupirira kuti wamoyo akhoza kubatizidwa m'malo mwa wakufa, ndipo wakufayo amasankha yekha kulandira kapena kukana. Ine ndikufuna kukalowa m'madzi m'dzina la Bambo.

Lamlungu titaweruka ndinakhala pa kompyuta ndi mayi wina amene amatithandiza kulemba mayina a makolo. Anandifunsa dzina la Bambo, ndinatchula. Anandifunsa tsiku lomwalira, ndinatchula osaganiza n'komwe. Atafunsa tsiku lobadwa, ndinavomera kuti sindikulidziwa. Achemwali, ine amene ndinayenda zaka ziwiri kumishoni, kugogoda m'makomo a anthu kuwauza kuti banja ndi lamuyaya, sindikudziwa tsiku limene bambo anga anabadwa. Mayi uja anati palibe kanthu, tikhoza kungolemba chaka chongoyerekeza. Ndinakana. Bambo sanayerekezepo muyeso wa munthu ndi maso, ankayeza ndi tepi kawiri.

Mapepala awo ali ndi inu, aja ankakhala m'dilowa ya mashini. Koma sindingakupempheni kanthu ndisanakuuzeni zoona, ndipo zoonazo ndazisenza nthawi yaitali.

Bambo atamwalira ndinakuuzani kuti malamulo a mishoni sakundilola kubwera kumaliro. Ndinanama. Mkulu wa mishoni anandiitana mu ofesi yake, analira nane, n'kundiuza kuti ngati ndikufuna kupita akonza ulendo tsiku lomwelo. Anandifunsa kawiri. Ndinayankha kuti ndikhala, ndipitirize ntchito ya Ambuye. Anzanga anandiyamikira kuti ndine wolimba m'chikhulupiriro, ine n'kumangowerama ngati wodzichepetsa. Sichinali chikhulupiriro chimenecho, anali mantha.

Zimene zinachitika m'mawa wonyamuka kupita kumishoni simukuzidziwa. Bambo anathira makapu awiri monga mwa nthawi zonse. Anandikankhira yanga n'kunena kuti ndimwe kamodzi kokha, kotsanzikana, Mulungu wanga aphethira. Ankaseka, Achemwali, anali macheza chabe. Koma ine ndinali nditavala tayi, ndikudzimva mtumiki. Ndinawauza kuti munthu wamkulu ngati iwo sayenera kuyesa mwana wake ngati mdierekezi. Pokankha kapuyo inagwa, tiyi n'kutayikira pa nsalu ya diresi ya kasitomala.

Sanakalipe. Anatenga kansanza n'kuyamba kupukuta. Kenako anatsegula kabati n'kutulutsa mashati awiri oyera amene anandisokera mobisa, atasita kale. Anati kolala aiika yolimba poti amva kuti kumeneko timachapa ndi manja. Ndinalandira, ndinathokoza chapansipansi, n'kunyamula chikwama. Pepani sindinanene.

Sabata iliyonse ndinkawalembera, kudzaza pepala ndi mavesi, koma liwu limodzi lija ndinkati ndidzanena pamaso. Mutandiimbira kuti apita, chimene ndinaona m'maso mwanga ndi tebulo lija ndi kapu. Ndinalephera kulowanso m'chipinda chimenecho. Ndiye ndinakusiyani nokha kuthamangira bokosi, kulandira anthu, kuyankha aliyense wofunsa kuti mwana wamwamuna ali kuti. Munawauza kuti mpingo wamukaniza, ndipo mpaka lero mumadana ndi anthu amene sanakulakwireni. Wolakwa ndine, mlongo wanu.

Lamlungu loyamba la mwezi timasala kudya, ndipo aliyense wofuna amaimirira kutsogolo kupereka umboni wake. Kale ndinkakhala woyamba kuimirira. Chibwerereni kumishoni sindinaimirirepo. Chikhulupiriro chilipo, sindikunamizani, ndimapemphera m'mawa uliwonse ndisanakwere basi. Koma ndikagwira mpando wakutsogolo kuti ndidzuke, ndimamva fungo la tiyi pansalu, n'kuusiya mpandowo. Bishopu wathu nditamuululira anati Mulungu akhululuka, koma kalata yopita kwa achemwali anga sangandilembere.

Ndikudziwa mudzati Bambo anali ndi tchalitchi chawo ndipo anabatizidwa kale. N'zoona. Sindikufuna kuwalanda kwa inu kapena kufufuta dzina lawo kulikonse. Mwina kumene aliko adzagwedeza mutu n'kuseka kuti a Madzi Otentha ayambanso zawo zija. Akhoza kukana, ufulu ndi wawo. Koma iwo anandithirira kapu zaka zitatu akudziwa kuti sindimwa. Ndikungofuna nane ndiwaikire yanga patebulo kamodzi.

Mpingo umandilola kuchita zimenezi pandekha poti ndine mwana wawo. Koma sindichita popanda inu, chifukwa amene munawatseka maso ndinu. Mukati ayi, basi idzapita popanda dzina lawo, ndipo sindidzakwiya. Shati imodzi inang'ambika pamsana, inayo ndinasiya kuvala, ndaipinda m'chikwama kudikira ulendowu. Kolala yake ikadali yolimba.

Ngati kulemba kalata kukulemerani, musalembe. Tsegulani dilowa ija, mutenge kapepala kalikonse, mulembepo tsiku, mwezi ndi chaka basi. Musavutike kusayina, zolemba zanu ndizizindikira. Ndipo ngati mungalole, pobwerera ndidzatsika kwanu, mudzandiperekeze kumanda, mundilozere pamene agona, poti ngakhale pamenepo sindipadziwa.

Pepani, Achemwali. Ndachedwa nalo liwu limeneli, ndipo mwini wake weniweni sadzalimva kuchokera pakamwa panga.

Mundiperekere moni kwa alamu, ana muwauze kuti amalume awo alipo. Mulungu akusungeni ndi kukupatsani mphamvu zimene ine ndinakumanani.

Ndine mlongo wanu,
Madzi Otentha