Mabuleki a Galimoto ya Alamu Anu

Valea Cerbului, pa 17 Januwale

Okondedwa akulu anga a Domnica,

Musandikwiyire kuti phukusi lanu la Khirisimasi likukupezani Januwale ali mkati. Nkhumba tinapha pa nthawi yake, inanenepa ngati mkazi wa ansembe athu. Mupezamo masoseji, nyama yowamba, tchizi ndi kachasu wa mapulamu. Botolo la bowa lija munapempha musalifunefune, linasweka, ndipo kusweka kwake ndi kumene kwandigwiritsa cholembera, ine amene ndimalemba ngati nkhuku ikupalasa. Ndikanakuimbirani foni, koma alamu anu a Gavril sachoka pambali panga, ndipo makutu okha ndi amene sanawathawe.

Chipale chofewa chaka chino chagwa ngati tinachilakwira. Tsiku limene minibasi ya ku Italy imanyamula mapukusi kumsika, tinadzuka mpanda utakwiririka. Ndinati, "Bambo, bwanji tipemphe Ilarie makaniko atitsitse pa galimoto yake?" Anandiyang'ana ngati ndawatukwanira mayi awo. "Ine kukwezedwa ndi kamwana kamene ndinakaphunzitsa ndekha kugwira chiwongolero?" Mukuwadziwa. Munthu wayendetsa lole ya mkaka m'phiri muno moyo wake wonse, ungamuuze chiyani? Ndinafunsa za matcheni a matayala, akuti anabedwa. Anali pansi pa mpando wanga, ndinkawamva akulira njira yonse.

Mwana aliyense m'mudzi muno amalidziwa lamulo lawo: potsetsereka pakaundana, phazi lichoke pa buleki, giya yaing'ono igwire yokha ntchito. Ankalinena pa ukwati, pa maliro, mpaka anthu ankathawa nawo tebulo. Tsono titafika pokhota paja pali mtanda, kumtunda kwa nyumba ya Ilarie, ndinamva galimoto ikuwonjeza liwiro. Ndinawayang'ana. Dzanja lawo linali pa giya, koma likungoisisita ngati chinthu cha mwini chimene achipeza m'thumba mwawo. Ndinati, "Giya, bambo, giya." Iwo anaponda buleki ndi mphamvu zonse ngati mnyamata wadzulodzulo. Galimoto inazungulira. Ndinaona mitengo, mtanda, mitengo, kenako tinakatitimira mumulu wa chipale, kumaso kwa galimoto kutatsamira mpanda wa Ilarie. Ikanalowera mbali inayo, kuphompho, bwenzi mutalandira uthenga wina.

Magazi sanatuluke. M'galimoto munangodzaza fungo la viniga wa bowa wanu. Ndiye anatembenuka, nandigwira tsaya, kagwiridwe kamene ndinali nditakaiwala. Anati, "Domnica, wavulala? Usakawauze bambo ako, angandiletse kudzakutenga Lamlungu."

Bambo athu amene pamanda pawo mtengo wa apulo wakula mpaka kukalamba.

Musatukumuke nazo, akulu anga, inunso mwakwinyika ngati ine, zithunzi zanu ndimaziona. Ndipo musaganize kuti ndikukusungirani kanthu kukhosi. Mudzi wonse unkadziwa kuti anayamba kufunsira inu. Mutasankha fakitale ya nsalu mumzinda, anakuperekezani okha kusiteshoni pa lole, anabwerako maso ofiira, chaka chotsatira anabwera kwa ine. Sizinandipwetekepo. Inu munali kutali, ine ndinali pano, ndipo mwana ndinawaberekera ndine.

Zizindikiro zinalipo, ine ndimangozikankhira kuseri kwa mbaula. Magalasi awo ndinawapeza mu uvuni. Galu akumuitana dzina la galu uja anafa Costel wathu asanakwatire. Ndinkangowakalipira kuti ndi kachasu, chonsecho botolo silinatsike.

Madzulo a tsikulo Ilarie anakokera galimoto m'khumbi mwake, nalowa pansi, natuluka akupukuta manja. Alamu anu anali atagona kunyumba.

"Azakhali, mabulekiwa ndi olimba kuposa mano anga."

"Mano ako ndi angati, iwe? Tayang'ananso. Mabulekiwa ndi akufa."

"Ndayang'ana, azakhali. Alibe vuto."

"Ilarie, ndinakupukuta mamina ndine amayi ako ali kumunda. Ndikuti ndi akufa, ndipo chipangizo chake sichipezeka, galimoto zoterezi anasiya kupanga."

Ilarie, munthu wamkulu wa imvi zake, anavula chipewa. Anati, "Sabata yatha amalume anandifunsa ngati bambo anga achira." Bambo ake a Ilarie tinawaika kalekale, a Gavril omwewo atanyamula nawo bokosi. Ilarie anafunsanso, "Nanga tchimo la bodzali, Khirisimasi ili pakhomo?" Ndinati, "Ndisenza ndine, msana wanga unazolowera." Anachotsa kachitsulo kena m'injini kuti isalirenso, nakaika m'thumba la malaya anga. Kali m'chitini cha shuga.

Tsono mudzi wonse ukudziwa kuti a Gavril mabuleki anawakana pokhota pa mtanda, ndipo ndi luso lawo limene linatipulumutsa. Kutchalitchi amuna akuwagwira chanza. Iwo akumwetulira, akukhulupirira, mwinanso akuwonjezera pawo. Asiyeni. Munthu ameneyu alibe china chimene anali nacho koma msewu umenewu.

Costel anaimba kuchokera kumzinda wa Cluj atamva. "Mayi, ndiuzeni zoona, ndi galimoto kapena ndi bambo?" Ndinati, "Iwe unayamba wamuona munthu ali ndi mabuleki?" Akuti ndiye agula ina yatsopano. Ndinatsala pang'ono kugwetsa foni. Ndinati bambo ako akuti zatsopanozi ndi mabeseni a pulasitiki, sangakweremo. Kumbuyo ndinkamumva mkazi wake Mirela akumuuzira zonena. Ameneyo anayamba chilimwe chatha kutamanda nyumba ina yosungira okalamba, akuti zofunda zoyera, anamwino aulemu, zitseko zokhoma zokha. Akangodziwa zoona, abwera ndi dokotala ndi mawu okoma, ndipo alamu anu akafera pawindo la eni akuyang'ana magalimoto a eni. Ine ndili moyo zimenezo ayi.

Galimoto tinaibweza pabwalo. M'mawa uliwonse amatuluka ndi tsache, amaisesa chipale mpaka iwale, amaona ngati chipika chili pansi pa tayala, popeza buleki ya pamanja salola kuikoka nyengo ino, akuti imaundana. Zimenezo akuzikumbukira. Akatero amatsika kwa Ilarie kukafunsa ngati chipangizo chafika. Ilarie amati, "Sabata yamawa, amalume, msewu watsekeka," nawathirira tiyi. Dzana ndinawafunsa kuti changu chonsechi n'chopita kuti. Anati, "Domnica ali kusiteshoni. Anapita ndi kajasi kopyapyala, azizidwa mwana uja."

Ine tsono ndine ndani? Masiku ena ndine Paraschiva, amandikalipira kuti msuzi wachepa mchere, ndipo ndimapita kukhola kukathokoza Mulungu ng'ombe ikundiyang'ana. Masiku ena ndine mayi wina wachifundo amene wawasunga. Dzulo atadya kabichi wofungatira nyama anapukuta pakamwa, napinda kansalu bwinobwino, nati, "Mumaphika bwino, mayi. Amuna anu ndi amwayi." Ndinati, "Ndi chitsiru, koma inde, ndi amwayi." Anaseka mpaka kutsokomola. Ine ndinakatsuka mbale zimene ndinali nditatsuka kale.

Ndiye ndili ndi zopempha, ndipo mukudziwa kuti kupempha kumandiwawa kuposa kuzula dzino. Costel musamuuze, ngakhale mwana wanu Lenuta musamuuze, pakamwa pake ndi pa inu nomwe. Kalatayi mukawerenga iponyeni pamoto. Inu mwasamala nkhalamba za ku Torino, ku Italy kumeneko, zaka zambiri, mukudziwa mmene amamusambitsira munthu wokana, mmene amamuyankhira akafunsa za akufa. Ine sindidziwa, ndimangodziwa kukalipa. Bwerani mudzandiphunzitse. Musadikire Pasaka, sindikudziwa kuti pofika Pasaka dzina lanu lidzakhala likadali m'mutu mwawo.

Mubwere pa sitima, osati minibasi. Ilarie wavomera kutiyendetsa pa galimoto yake kudzakutengani kusiteshoni, alamu anu adzakhala kutsogolo kuti azimuuza za magiya, ine ndidzakhala kumbuyo ndi mabulangete. Akadzakuonani atsike okha kukulandirani chikwama. Akadzakutchulani mwana, musawakonze. Akadzakufunsani kuti mayi ali kumbuyowa ndi ndani, mudzangoti ndi mng'ono wanu, si bodza. Mwina akadzakufikitsani pakhomo mtima udzakhala pansi, asiye kusesa galimoto ija m'chisanu manja ali osavala.

Mundiperekere moni kwa Lenuta, amuna ake ndi tidzukulu tija timalankhula chiyankhulo chathu ngati tili ndi mbatata yotentha m'kamwa. Ilarie akupereka moni. Ndawauza alamu anu kuti ndikulembera inu, ayimirira, akonza kolala ya malaya. Akuti ndikuuzeni kuti musachoke pamene anakusiyani, akubwera, angokonzetsa kaye mabuleki.

Valani jasi lochindikala, aone kuti simunazizidwe.

Ndine mng'ono wanu,
Paraschiva, mkazi wa a Gavril