Tsiku lomwe ndinakuwa ku Maryhill

Amayi anga, kodi kumene muliko mukudzuka bwanji?

Ine kuno ku Glasgow ndilipo, koma mtima sukukhala pansi. Chitisiyireni, ndikaweruka kuntchito yosamalira okalamba ndimangozungulira m'nyumba ngati nkhuku yofuna poikira. Ndimakolopa pokolopa kale. Bambo a Chisomo afika potopa nane.

Zakumudzi mwina mukuzidziwa kuposa ine. Mlamu, mkazi wa achimwene a Yohane, wachira. Ndi mwana wamkazi, amupatsa dzina lanu. Munda wanu wa kudambo akuti wabereka mtedza wambiri, koma chimanga chinapserera. Zonsezi ndimamvera kwa Chisomo, yemwe amacheza ndi asuweni ake pafoni. Ine ndinali ndisanalankhule ndi achimwene chiikireni maliro. Paja mapepala anga anali asanatuluke, ndiye ndinakuperekezani kumanda ndikuonera pafoni, m'chipinda chosinthira zovala kuntchito, maso ali gwa. Achimwene akaimba ndinkangoiyang'ana foniyo mpaka isiye kulira. Ndikanawauza chiyani?

Tsono musaseke. Ndayamba masewera a lupanga a ku Japan, amati kendo. Anandikokerako ndi Moira, mnzanga wakuntchito, ataona kuti ndikuonda. Timakumana muholo ina ku Maryhill, pafupi ndi ngalande. Lupanga lake si lachitsulo ayi, ndi nsungwi zinayi zong'amba, zomangidwa pamodzi ndi chikopa ndi chingwe, nsungwi ngati zomwe atate ankalukira malichero. Timavula nsapato, timawerama polowa, ndipo ndodoyo ikakhala pansi saidumpha. Masabata oyamba sakulola n'komwe kumenya munthu. Umangokhwekhwereza mapazi, lamanja patsogolo, chidendene chakumanzere chili m'mwamba, mpaka matuza.

Kusamala zida ndiye ntchito inanso. Ndodo umaimasula, n'kuyendetsa chala m'mbali mwa nsungwi iliyonse. Pamene payamba kuthetheka upale ndi sandipepa, upake mafuta, chifukwa kachidutswa kake kakhoza kulasa mnzako m'diso. Magolovesi amayanikidwa pamthunzi, ukawaumitsa ndi moto chikopa chimang'aluka. Ndikamachita zimenezi ndimakumvani mukuti, "Khasu logona pamvula limakabwezera mwini wake kumunda." Zovala za masewerawa ndi zabuluu ndipo zimasuluka. Tsiku lina ndinapita kumapemphero a amayi khosi lili bii, amayi ena n'kundikokera pambali kufunsa ngati kunyumba kuli mtendere.

Chinandikanika ndi kukuwa. Pomenya uyenera kufuula m'Chijapani kuchokera m'mimba. Nanga ine, amene munandilera kuti mawu a mwana wamkazi asamadumphe mpanda? Pankangotuluka kamawu ngati ka mphaka. Lachiwiri lapitali anandiveka koyamba chisoti chokhala ndi zitsulo kumaso. Mphunzitsi wathu, mayi wamfupi waimvi, anaima patsogolo panga atavala chake, n'kuloza pamutu pake. Ndinamenya, kukamwa kuli zii. Anapukusa mutu. Ndinamenyanso. Ndiye anati, "Mawu akowo ukusungira ndani?"

Amayi, sindikudziwa chomwe chinatseguka. Ndinakweza ndodo, ndipo chimene chinatuluka sichinali Chijapani. Ndinaitana inu. "Mayo ine, amayi anga!" Mfuu ya pamaliro yeniyeni, anthu onse m'holomo anaima. Misozi ndi mamina zinkatsikira m'chisotimo, manja ali m'magolovesi, chopukutira palibe. Ndinkayesa andiuza ndikakhale pansi. Mayiyo anangolozanso pamutu pake kuti ndibwereze. Ndinamenya ndikulira, ndikukuitanani, mpaka mawu anasasa.

Pobwerera sindinakwere basi. Ndinayenda wapansi m'mbali mwa ngalande, mvula ikuwaza, ndodo ili paphewa, n'kuimbira achimwene. Ndinali nditakonza mawu ambiri opepesa. Iwo anangoti, "Mlongo wanga, mawu asasa chonchi bwanji?" Ndisanayankhe, anaika foni pafupi ndi khanda lija kuti ndimve likupuma.

Ndisakunamizeni, mtima sunakhazikikebe. Kalatayi ndikulemba chiimire. Koma tapangana ndi achimwene kuti chiliza chanu timanga mvula ikatha, ndipo ulendo uno ndibwera ine mwini. Udzu wa pamanda anu ndawauza asaukhudze. Ndidzazula ndi manja angawa.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Esinati