Apongozi anakonza kafukufuku wanga mpaka sindikumuzindikira

Aphungu,

Ndine namwino, mayi wa ana awiri, ndipo ndagwira ntchito ku sikelo ya ana kwa zaka zambiri. Kuntchito anandipatsa tchuthi choti ndikachite digiri yachiwiri, ndipo tsopano ndili kumapeto. Kwangotsala kupereka buku la kafukufuku wanga mwezi uno ukamatha, kenako n'kukaima pamaso pa aphunzitsi kuyankha mafunso. Anzanga akuti ndafika poti ndizimwetulira, koma ine ndili pamavuto aakulu.

Kafukufuku wanga anali wofuna kudziwa chifukwa chomwe amayi ambiri amasiyira kubwera ndi ana ku sikelo mwana akangoyamba kuyenda. Ndinayenda m'makomo, ndinakhala pamikeka ndi pamakonde a anthu, foni ili pakati kujambula mawu. Ndinkayembekezera kumva za kutalika kwa mtunda ndi kusowa chokwerera. Zimenezo zinatchulidwadi apa ndi apo, koma zomwe zinkabwerabwera ndi zina: ife anamwino timawakalipira. Mwana akatsika sikelo timafunsa mayi ake pagulu ngati kunyumba kwawo kumaphikidwa. Kabuku ka mwana kakanyowa kapena kung'ambika timakakweza m'mwamba kuti mzere wonse uone. Mayi wina, amene mwana wake anamwalira atatsegula m'mimba, anandiuza akuyang'ana pansi kuti, "Ndinaona kuti wawonda, koma ndinati anenepeko kaye ndisanapite naye, kuti asakandinyoze." Tsiku limenelo ndinalira m'minibasi ulendo wonse wobwerera.

Vuto langa ndi Chingerezi cha m'mabuku. Kulankhula ndimalankhula, koma ndikati ndilembe, ziganizo zimangotalika ngati chingwe choyanikapo zovala. Aphunzitsi ondiyang'anira anandiuza kuti ndipeze munthu wondisalazira chilankhulo, zomwe sukulu yathu imalola. Mwamuna wanga atamva anangoti tikavutikiranji kunja pomwe katswiri ali m'banja momwemuno.

Katswiriyo ndi bambo ake aang'ono, amene anamulera bambo ake omubala atamwalira. Anaphunzitsapo ku koleji, ndipo chipumireni pantchito amakonza mabuku a alembi ndi mapepala a ophunzira m'kachipinda komwe kale kanali galaja. Anthu amawatchula kuti aPulofesa, ngakhale upulofesawo sanaufike, ndipo iwo sanayambe akanapo. M'kachipindamo muli tebulo lalitali, pulinta yofuna kumenyedwa m'nthiti kuti iyambe, ndi benchi lomwe ophunzira amadikirirapo ngati kwa dokotala. Anakana kuti ndiwalipire. Anati mpongozi salipira.

Iwo ali ndi kagwiridwe kawo ka ntchito komwe amanyadira nako. Sabweza pepala lokhala ndi zofiira, ndipo ngakhale pakompyuta saonetsa pomwe asintha. Amati zofiira zimafoola wophunzira, ndiye amakubwezera tsamba loyera, losalala, ngati unalemba wekha tsiku lomwe unadzuka bwino. Chaputala choyamba chitabwera ndinachiwerenga ndi chimwemwe, mpaka ndinadziona wanzeru. Chachiwiri ndinangochiyang'ana pamwambamwamba. Pofika chachinayi ndi chachisanu, momwe muli zomwe ndinapeza, mwana wanga wamng'ono anali atagonekedwa m'chipatala, ndipo ndinkangolandira fulashi kwa iwo n'kutumiza kusukulu osatsegula n'komwe. Aphunzitsi ondiyang'anira ali ndi ophunzira ambirimbiri. Anangondilembera kuti chilankhulo chawongoka kwambiri, ndipitirize.

Sabata yatha kunali kuyeserera mafunso aja. Tinalowa m'chipinda cha misonkhano, aphunzitsi atatu kutsogolo, anzanga kumbuyo. Atandifunsa chachikulu chomwe ndinapeza, ndinayankha mosakayika za kukalipira, ndinafotokozanso za mayi wofedwa uja. Mphunzitsi wina wamkazi, amene salankhulalankhula, anavundukula masamba kwa kanthawi, kenako anavula magalasi. Anati, "Mayi, zomwe mukunenazi n'zofunika kwambiri. Koma mwazitenga m'buku liti? Muno mulibe."

Anandipatsa buku langa lomwe kuti ndiwerenge mokweza. Aphungu, pomwe ine ndinalemba kuti anamwino amanyoza amayi pagulu, panali polembedwa kuti pali mipata ina pa kulumikizana pakati pa opereka ndi olandira chithandizo. Mawu a amayi aja anadulidwa, kutsala okhawo onena za mtunda. Mayi wofedwa uja mulibemo. Ndipo kumapeto, buku lokhala ndi dzina langa likunena kuti chifukwa chachikulu ndi kusaphunzira kwa amayi, choncho pakufunika kuwaphunzitsa ubwino wa sikelo. Ndinawerenga mpaka kumapeto. Palibe amene anaseka, ndipo bola akanaseka. Titatuluka, aphunzitsi ondiyang'anira anandikokera pakhonde n'kundiuza motsitsa mawu kuti ndiganize bwino ndisanapereke, chifukwa tsiku lenilenilo padzakhala mlendo wochokera ku yunivesite ina, wosadziwa kumvera munthu chisoni.

Ndinapita kwa apongozi ndi ulemu wonse. Ndinakhala pabenchi mpaka ophunzira onse anatuluka, kenako ndinafunsa ngati mwina mafayilo anasokonekera. Sanabise. Anati anachita dala, ndipo anachitira ine. Anati mabuku otere akonza ambiri, amadziwa zomwe zimadutsa ndi zomwe zimabwezedwa, ndipo buku loloza chala anthu a yunifolomu limadzetsa mafunso osatha. Anandikumbutsanso kuti ndikamaliza ndibwerera kuchipatala komweko, kwa amatironi omwewo amene amagawa mashifiti. "Mwana wanga," anatero, "mukufuna digiri kapena mukufuna adani? Ine ndakuchotserani minga m'njira. Inu mungoloweza zomwe zalembedwazo basi." Anandilonjeza kuti andikonzera mafunso ndi mayankho ake, monga amachitira ndi ena.

Mwamuna wanga akuti ndisachititse manyazi munthu amene anamulera, amene wagwira ntchito miyezi yonseyi osalandira kanthu. Akuti pepala ndi pepala, chofunika n'chakuti ndivale mkanjo ndijambulitse. Chiyambire tsiku limenelo timangolankhulana za ana. Kuntchito akundidikira, tchuthi chikutha, ndipo ndikabwerera chimanjamanja sindikudziwa kuti nkhope ndidzaiika pati. Zolemba zanga zoyamba ndikadali nazo mu laputopu, ndi Chingerezi chake chokhotakhota, pamodzi ndi mawu onse omwe ndinajambula. Koma masiku otsalawa sangakwane kulembanso machaputala awiri.

Ndipereke buku losalalali n'kuloweza, kapena ndiyambe nkhondo m'banja ndi kusukulu nthawi imodzi? Chonde dzina la tauni yanga musalilembe, kuno tonse timadziwana.

Ine wothedwa nzeru,
L.B.

Mayi L.B.,

Pepani ndi zomwe zakugwerani, ndipo ndikhulupirira kuti mwana wanu uja anachira. Koma sindikunyengererani: buku limenelo musapereke.

Ntchito ya mkonzi ndi kuwongola ziganizo, kudula zobwerezabwereza, ndi kufunsa mlembi kuti apa mukutanthauza chiyani. Akaona kuti mfundo ina ikhoza kukupwetekani, amakuuzani pamaso, inu n'kusankha nokha. Zomwe apongozi anu achita si kukonza. Achotsa zomwe munapeza n'kuikamo zomwe iwo akuganiza, pomwe sanaponde khomo ngakhale limodzi mwa makomo munayendamo aja. Ndikuvomera kuti anachita mokufunirani zabwino, ndipo mantha awo pa za kuntchito si opanda pake. Koma tsamba loyera lija si chifundo ayi. Mkonzi wosaonetsa pomwe wakhudza amakulandani mpata wokana. Nanunso muli ndi mbali yanu, chifukwa munatumiza osawerenga. Chifukwa chake ndachimva ndipo mayi aliyense angachimvetse, koma a yunivesite sadzafunsa kuti munagona pa wodi masiku angati. Adzafunsa amene wasaina.

Kusainako ndiye pagona nkhani. Kutsogolo kwa buku lotere kumakhala tsamba lomwe wophunzira amalumbira kuti ntchitoyi ndi yake. Lero mukadali munthu wolakwiridwa amene wazindikira nthawi ikadalipo. Mukasaina mukudziwa zomwe mukudziwazi, mwasanduka munthu wopereka zotsatira zabodza, ndipo m'masukulu ambiri zimenezo zimachotsetsa munthu, nthawi zina ngakhale digiri atalandira kale. Zoloweza iwalani. Aphunzitsi atatu anakumvani kale mukunena zina buku likunena zina. Mukuganiza kuti aiwala?

Ndiye mawa m'mawa pitani kwa aphunzitsi okuyang'anirani, musadikire kuti akuitaneni. Tengani laputopu, muwaonetse zolemba zanu zoyamba, mawu ojambulidwa aja, ndi zomwe mkonzi anabweza, zonse moyandikana. Nenani zoona zokhazokha, kuphatikizapo zoti simunawerenge. Munthu amene anakukokerani pakhonde m'malo mokakunenerani ku ofesi akufuna kukuthandizani, koma sangathandize nkhani yomwe simunamuuze. Pemphani kuti akuwonjezereni nthawi, ndipo pempholo likhale lolemba, ndi umboni wakuti mwana anagonekedwa. Tsiku lomwelo dziwitsani akuntchito kuti mubwerera tchuthi chikatha monga munagwirizana, koma buku muzimalizitsa muli pantchito. Zidzawawa kuona anzanu akujambulitsa m'mikanjo inu muli mu yunifolomu, koma kuwawa kumeneko kumatha.

Machaputala awiriwo muwalembenso kuchokera pa zolemba zanu, musayese kuzigamba za apongozi. Chingerezi chokhota chimawongoleka. Mukamaliza pezani mkonzi wina, wosakhala wachibale, woti mungathe kumuyang'ana m'maso n'kumuuza kuti ayi. Mugwirizane poyamba kuti chilichonse chomwe wasintha chizioneka, ndipo mfundo, manambala ndi mawu a anthu omwe munacheza nawo asazikhudze. Ngati mukuopa za kuchipatala kwanu, funsani aphunzitsi njira yobisira dzina la chipatalacho ndi la munthu aliyense. Kubisa mayina n'kololedwa, koma kubisa zomwe anthu ananena n'kumene kumaphetsa.

Za kubanja, musapite nokha kukatsutsana ndi apongozi m'galaja muja, mudzangotulukamo mutapepesa. Yambani ndi amuna anu. Musawalalikire za ulemu wa kafukufuku, sakumvani. Aikireni masamba awiri patebulo, lanu ndi la bambo awo aang'ono, awerenge okha. Kenako muwauze kuti mukachotsedwa sukulu, dzina lomwe lidzamveke tauni yonse ndi la aPulofesa, ndipo palibe wophunzira amene adzapitenso kumeneko. Ngati akufunadi kuteteza munthu amene anawalera, njira yake ndi imeneyi. Mukatero mupite awiri, muthokoze chifukwa cha machaputala oyamba aja, munene kuti otsalawo sukulu ikufuna muwalembe ndi dzanja lanu, zomwe pofika nthawiyo zidzakhale zoona. Apongoziwo akwiya, mwina kwa nthawi yaitali. Mwina pamaukwati ndi pamaliro azidzakupatsani moni akuyang'ana kumbali. Sindingakulonjezeni kuti zidzatha msanga, ndipo sindingakulonjezeninso kuti amuna anu adzaima nanu tsiku loyamba.

Chenjezo langa ndi ili. Tsiku lopereka likamayandikira mudzatopa, ndipo buku losalalalo lidzayamba kuoneka ngati silinalakwe kwenikweni. Nthawi imeneyo mukumbukire kumene mabuku otere amapita. Amakaikidwa mu laibulale, ndipo amene amawatsegula ndi atsikana ophunzira unamwino, ofuna choti atchule m'mapepala awo. Wina adzawerenga kuti namwino wodziwa ntchito anayenda khomo ndi khomo n'kupeza kuti vuto ndi umbuli wa amayi. Adzakhulupirira, nanga akanirenji? Ndipo tsiku lina, mzere utatalika, adzakweza mawu pa mayi wonyamula mwana wowonda, mtima uli m'malo, podziwa kuti kafukufuku ali kumbali yake. Pachikuto cha kafukufukuyo sipadzakhala dzina la apongozi. Padzakhala lanu.

Aphungu